Pakupweteka Pati, Verneri?

Verneri Huhtala anasewera hoke ya pa ayezi zaka khumi ndi zisanu. Mphuno anathyoka kawiri, mano awiri anawasiya pa ayezi ku Pori, koma palibe amene anamumvapo akuti mayo. Amuna akwathu kuno ku Tampere ndi mmene alili. Ungamupeze wina dzanja likulendewera, ukamufunsa kuti zili bwanji akuyankha kuti palibe vuto, n'kupitiriza kumwa khofi wake. Ine khalidwe limeneli limanditopetsa, koma nditani nanga, ndi abale anga.

Ndiye mwamuna wotereyu, wazaka makumi atatu ndi zinayi, dalaivala wa basi zamumzinda, anagwa m'chikondi ndi mtsikana wovina pa ayezi. Iiris Lampela anaiwala chikwama m'basi mwake tsiku lina mu Novembala, Verneri n'kukamupatsa yekha pamanja m'malo mokachisiya ku ofesi. Kuchokera tsikulo ankangomwetulira okwera onse, ndi oledzera omwe.

Loweruka lina mu Febuluwale awiriwa anaima pamsika wa kudoko, akudya soseji yakuda ndi jamu, nthunzi ikutuluka m'kamwa.

"Verneri, ndikufuna kukupempha kanthu, koma uyambe wameza," anatero Iiris.

"Ndameza."

"Chionetsero cha kalabu yathu chili mu Epulo. Ndikufuna udzavine nane."

Verneri anatsamwa ngakhale anali atamezadi.

"Ine? Iwe, ine pa ayezi chimene ndimadziwa ndi kugunda anthu basi."

"Miyendo uli nayo, msana wondinyamulira uli nawo. Zinazo ndikuphunzitsa. Kwatsala masabata asanu ndi atatu."

"Nanga anthu akandiseka?"

"Aseke. Ine ndikufuna kuvina ndi munthu amene ndikamuyang'ana ndimaiwala kuwerenga masitepe."

Mawu amenewo anamumaliza. Akanamuuza kuti avine atavala diresi, akanavomeranso.

"Koma nsapato za hoke sizitheka," Iiris anapitiriza, uku akumupukuta jamu pandevu. "Pafunika jombo zovinira. Upite kwa ababa akakuyeze."

Apa soseji inasiya kukoma. A Kaarle Lampela, bambo ake a Iiris, anali ndi kashopu kudera la Tammela, ndipo zaka makumi anayi akhala akuyeza mapazi a ovina pa ayezi onse a mumzinda uno. Anyamata a hoke sankafuna n'kuwamva komwe. Ankati amakumba ayezi ngati nkhumba m'munda wa mbatata, ana a eni n'kumagwera m'maenje awo. Pa Khirisimasi, Iiris atapita naye kwawo koyamba, madalawo sanamuyang'ane kumaso. Anangoyang'ana mmene waimira, n'kufunsa mawu amodzi, "Hoke?" Verneri atavomera, sanamulankhulenso mpaka anatsanzika.

* * *

Mantha ndi oipa. Verneri anaganiza zozemba a Kaarle, n'kugula jombo pa intaneti. Anakhala pampando kwa mayi ake, a Aune, foni ili m'manja, akuwerenga masaizi.

"Zakuntchito ndimavala 45."

"Tenga 46," anatero mayi ake osasiya kuluka. "Mulowenso masokosi. Mwana wanga sangaponde pa ayezi wopanda masokosi aubweya, ine ndili moyo."

"Amama, m'holo muja simuzizira kwenikweni."

"Bambo ako ankanenanso choncho. Taona, ndakuikira mizere yofiira kuti mtsikanayo aone kuti uli ndi kwanu."

Masokosiwo anali okhuthala ngati bulangete. Jombo zitafika Verneri anazivala pamwamba pake, zala n'kumasewera mkatimo momasuka, iye n'kumadziyamikira kuti wachenjera.

* * *

Lamlungu m'mawa kalabu ya akuluakulu inasonkhana m'holo ya ayezi monga mwa nthawi zonse. Munali aphunzitsi, anesi, azimayi awiri opuma pantchito, ndi Torsti Vuorela. Torsti anali dokotala wa mano, wamtali, wa tsitsi losasokonekera ngakhale akuzungulira. Anali atavina ndi Iiris zaka zinayi. Anamufunsirapo kawiri n'kukanidwa kawiri, koma munthuyo kukanidwa ankakutenga ngati nyengo yoipa imene ipite yokha.

Verneri anaponda pa ayezi modzidalira, pajatu anakulirapo. Anakankha kamodzi, chidendene n'kunyamuka mkati mwa jombo, akakolo n'kupindikira mkati. Anakankha kachiwiri, n'kuiwala kuti mpeni wotsetserekera wa pansi pa jombo zovinira uli ndi mano kutsogolo, pomwe wa hoke ulibe. Manowo analuma ayezi, jombo zinaima, mwini wake n'kupitirira yekha chafufumimba mpaka kukhoma.

Iiris anaseka mpaka kugwira mawondo. Anabwera n'kumudzutsa, misozi ili mbwembwembwe.

"Pepa, wokondedwa, sindikuseka iwe."

"Ukuseka ndani nanga? Khomali?"

Torsti anafika akutsetsereka chammbuyo, manja ali kumsana, n'kuima mwaulemu wonyoza.

"Akulu, mukagwanso ndi nkhope mudzabwere kuchipatala kwanga, tidzaone mano otsalawo." Kenako anayang'ana pansi. "Jombo zimenezi mwabwereka kwa ndani? Muli malo a anthu awiri umu."

"Ndi zanga."

"A Kaarle ndi amene anakuyezani?"

Verneri anayang'ana kumbali, ndipo Torsti anamwetulira ngati munthu amene watola kanthu panjira.

Komabe linali tsiku lokoma. Iiris anamugwira manja onse awiri n'kumamukoka pang'onopang'ono, akumuimbira nyimbo yovinira ndi pakamwa. Verneri anagwa kasanu ndi kamodzi, koma panali kanthawi kena, mwina masitepe anayi okha, pamene miyendo yawo inamvana, Iiris n'kutsamira pachifuwa pake. Kanthawi kameneko Verneri akanalolera kugwa tsiku lonse kuti kabwerenso.

"Sizikukupweteka?" Iiris anafunsa kangapo konse.

"Ayi, palibe vuto."

Verneri atakhala pabenchi kuti avule, sokosi ya a Aune inakanirira kuchidendene. Iiris anagwada n'kuimatula pang'onopang'ono. Matuza anali ataphulika kalekale, zidendene zonse ziwiri zili psuu, khungu litasupuka. Kuseka kuja kunathera pomwepo.

"Ndakufunsa kangati?"

"Ndi zazing'ono izi, Iiris."

"Sindikunena za matuza. Ndikunena za ayi wakoyo."

Anamumata pulasitala mwakachetechete, n'kunyamula chikwama chake. Pakhomo anatembenuka, n'kubwerera kudzamupsompsona pamphumi mwaukali ndithu, n'kumapita.

* * *

Lolemba masana, akupuma pa siteshoni yomalizira, foni inalira. Anali meseji ya Iiris.

"Ababa amva."

"Amva chiyani?"

"Kuti mwamuna wofuna mwana wawo anagula jombo pa intaneti. Torsti anadutsa kushopu m'mawa, ati kukangowapatsa moni."

"Akuti chiyani?" analemba Verneri.

"Anakhala pansi, n'kupempha madzi. Kenako akuti ubwere Lachitatu 4 koloko madzulo, utaweruka, mapazi atatupa ndi ntchito. M'mawa phazi limanama."

"Andipha?"

"Mwina. Masokosi a mayi ako uwasiye kunyumba, uvale opyapyala. Ndidzakhalapo. Ndikadakwiyabe, koma ndakusowa."

Meseji yomalizayo anaiwerenga kanayi. Mayi wina anachita kugogoda pagalasi kuti atsegule chitseko cha basi.

* * *

Kashopu ka a Kaarle kankanunkha chikopa ndi khofi. Mabokosi anali mbali zonse mpaka kudenga, pakati pali mpando umodzi wa kasitomala ndi kampando kafupi ka mwini shopu. Iiris anakhala pakauntala, miyendo ikulendewera, akudya banzi la sinamoni.

"Masana abwino, bambo," anatero Verneri, chipewa chili m'manja.

"Wa hoke, vula nsapato."

Madalawo anayala pepala pansi n'kumuimikapo. "Imirira bwino, thupi ligawane mapazi onse awiri. Usayang'ane pansi, si iwe ukuyeza." Anagwada, pensulo ili chilili, n'kuzunguliza phazi lamanja, kenako lamanzere. Anatenga tepi n'kukulunga pamene phazi limatambalala, n'kukulunganso pamsana pake. Atafika pa mapulasitala aja anaima, n'kupukusa mutu.

"Unagula saizi yanji?"

"46."

"Ndiwe wa 43. Lamanzere ndi lalitali ndi mamilimita asanu, ndiye timatsata limenelo. Jombo yovinira si silipasi yosambira ku sauna. Imagwira phazi ngati mmene dzanja limagwirira dzanja linzake."

Anatsitsa bokosi, n'kumuveka okha. Anamuuza kuti agogode chidendene pansi kuti chikhale m'malo mwake, kenako anamanga zingwe, mothina pa akakolo, momasukirapo pamwamba. Verneri ataimirira anaona nyenyezi. Jombozo zinali zopapatiza, zala zonse zinakwerana, fupa la m'mbali likulira lokha.

"Pakupweteka pati?" anafunsa a Kaarle.

Verneri anayang'ana Iiris, n'kuyang'ana madalawo. Inu mukuganiza kuti mwamuna wa hoke angadandaule pamaso pa apongozi, tsiku loyamba kumulankhula? Anafutukula chifuwa.

"Palibe, bambo. Zili bwino kwambiri."

"Chabwino. Ima pomwepo."

A Kaarle anakathira khofi, n'kukhala pakampando kawo, n'kuyamba kuwerenga nyuzipepala. Panadutsa mphindi zisanu, kenako khumi. Thukuta linayamba kutsika m'khosi mwa Verneri. Zala zakumanzere zinachita dzanzi, kenako zinangosowa, ngati zapita kwina. Iiris anasiya kutafuna.

"Pakupweteka pati?"

"Palibe."

Madalawo anapinda nyuzipepala bwinobwino.

"Vula. Uzipita kwanu."

"Ababa," anatero Iiris.

"Iwe khala chete, ndikulankhula ndi mlendo wako." Anatembenukira kwa Verneri, osakweza mawu. "Jombo zimenezo ndakuveka dala. N'zopapatiza, ngakhale mwana wasukulu akanalira. Ine maso anga amathera pachikopa, mnyamata. Mkatimo sindionamo. Amene amaona mkatimo ndi iwe, ndipo ukapanda kunena, ine zaka zanga makumi anayi zilibe ntchito. Munthu wosanena pamene pakumupweteka sindingamuyeze."

"Ndimati ndipirire, bambo."

"Upirire? Pa ayezi paja udzanyamula mwana wanga m'mwamba. Phazi likadzachita dzanzi iwe uli duu ndi kupirira kwakoko, amene adzamenyetse mutu pansi ndi ndani? Iwe? Mwana wanga sindimupereka m'manja mwa munthu wa palibe vuto. Kaya ndi pa ayezi, kaya ndi kunyumba."

Verneri anamva manyazi aakulu, oposa a kugwa kuja, chifukwa anadziwa kuti madalawo sakunama. Anayang'ana Iiris. Mtsikanayo ankangomuyang'ana, maso ali ndi misozi, akudikira.

Verneri anakhala pampando, koma zingwe sanamasule.

"Kachala kakang'ono ka kumanzere," anatero. "Sindikukamvanso."

A Kaarle anakokera kampando pafupi. "Pitiriza."

"Fupa ili, m'mbali mwa chala chachikulu. Mapazi onse awiri. Pamsana pa phazi ngati mwaikapo njerwa. Zidendene zikuyaka moto chiyambire Lamlungu."

"Kwina?"

Mwamuna akatsegula pakamwa patatha zaka makumi atatu, kutseka kumavuta. "Bondo lakumanja limandipweteka kukamazizira, chiyambire masewera ena ku Rauma. Mphunoyi sindipumira bwino mbali imodzi. Masokosi a amama amandiyabwa, sindinawauzepo. Inuyo ndimakuopani chiyambire Khirisimasi, chakudya chija sindinachimve kukoma. Ndipo Torsti akamugwira Iiris m'chiuno, pachifuwa apa pamandiwawa kuposa zonsezi. Mwana wanuyu ndimamukonda, bambo. Basi, ndamaliza."

Iiris anatseka pakamwa ndi banzi lija. A Kaarle anayesa kuumitsa nkhope, koma mapewa anawaulula. Anaseka madalawo, kuseka kwa munthu wosazolowera, mpaka kuvula magalasi.

"Pachifuwapo jombo sizifikapo," anatero akupukuta maso. "Zinazo tiyeni tione. Vula msanga, Verneri, kachala kaja kasanafe."

Aka kanali koyamba kumutchula dzina.

* * *

Anayesa mapeyala anayi. Tsopano Verneri anasanduka wolongolola. Iyi ikuluma apa, iyi chidendene chikunyamuka, iyi chala chikugunda kutsogolo. A Kaarle ankangogwedeza mutu mokhutira, akulemba manambala papepala lija. Iiris anatsika pakauntala n'kudzamunong'oneza.

"Masokosi aja ndikawauza mayi ako."

"Ukatero ukwati watha usanayambe."

"Ukwati wanji? Wandifunsira liti?"

Verneri makutu anafiira, ndipo a Kaarle anatsokomola n'kulowa kuchipinda chakumbuyo. Anatulukako ndi bokosi lina, losachokera pashelefu.

"Tayesa izi. Ndikufuna ndione ngati mutu wanga ukugwirabe."

Phazi linalowa ngati likubwerera kwawo. Chidendene chinakhala n'kukhazikika. Ataimirira, zala zinangokhudza kutsogolo pang'ono, ndipo atapinda mawondo monga anamuuzira, zinabwerera mmbuyo zokha. A Kaarle analowetsa zala ziwiri kumbuyo kwa mwendo, pamwamba pa jombo, n'kukanikiza m'mbali monse.

"Pakupweteka pati?"

Verneri anayamba waganiza, moona mtima. "Matuza okha. Kwinako zikungondigwira."

"Ndi mmene ziyenera kukhalira."

Iiris anamukoka dzanja, n'kuyamba kuvina naye pakapeti pomwepo, pakati pa mabokosi, akuimba ndi pakamwa. Verneri ankayenda ngati ngamila, koma nkhope yonse inali mano okhaokha, ndi mipata yake yomwe. A Kaarle anawasiya. Anatenga pepala la mapazi lija, n'kulembapo dzina ndi tsiku. Mapepala a makasitomala ankawaika m'mafayilo pashelefu. Ili analipinda n'kutsegula dirowa ya pansi pa kauntala, mmene munali mapepala a mapazi a mkazi wawo ndi a Iiris a chaka chilichonse chiyambire ali ndi zaka zitatu. Analiika pamwamba n'kutseka.

Iiris anaona. Anasiya kuvina n'kukawakumbatira bambo ake kumbuyo.

"Basi, basi, undithyola msana," anatero madalawo. "Tsopano mverani, chifukwa pali vuto. Verneri, mapazi akowa ndi otambalala, msana wake ndi wautali. Jombo zotere sizikhala pashelefu, timachita kuitanitsa kufakitale. Zimatenga masabata khumi."

"Koma chionetsero chatsala ndi masabata asanu ndi limodzi," anatero Verneri. "Nanga izi ndavalazi?"

"Zimenezo zili ndi mwini wake. Zafika dzulo. Mu Tampere monse muno mapazi otere ndawaona pa anthu awiri okha, ngati a mimba imodzi." Anatembenuza bokosi. Pambali pake panali dzina lolembedwa ndi inki yakuda: T. Vuorela.

Verneri anawerenga kawiri.

"Za Torsti?"

"Anaitanitsa mu Disembala. Akuti akufuna zatsopano za pachionetsero."

"Pachionetseropo avina ndi ndani?"

A Kaarle anayang'ana mwana wawo. Iiris anayang'ana kapeti. Apa Verneri anazindikira kuti Torsti akuganizabe kuti avina ndi Iiris.

Kabelu ka pachitseko kanalira, mphepo yozizira n'kulowa. Torsti anaima pakhomo akusasa chipale pamapewa, maluwa ali m'manja, nkhope ili yowala. Anapereka moni kwa a Kaarle, anamwetulira Iiris, kenako maso ake anatsika pang'onopang'ono mpaka pansi.

"Akulu, jombo zangazo zikutani kumapazi kwanu?"

Pachifuwa pa Verneri paja panayambanso kuwawa, ndipo ulendo uno sanafune kubisa.

"Iiris," anatero motsitsa, "sunamuuze?"

"Ndimati ndimuuze Lamlungu likubwerali."

Torsti anaika maluwa pakauntala, n'kuwayang'ana onse atatu mmodzimmodzi.

"Undiuze chiyani?"